Chifukwa chiyani chiganizo cha Chiuzbeki chakale chimapitirira mneni atadutsa kale?

Wowerenga wina amene akuchita maphunziro a udokotala mumzinda wa Tashkent, likulu la dziko la Uzbekistan, ndipo wakhala akuphunziranso Chiuzbeki kwa zaka ziwiri, watumiza funso ili: "Aphunzitsi athu anatiuza kuti m'Chiuzbeki mneni amakhala kumapeto kwa chiganizo, ndipo ndinazolowera zimenezo. Koma nditatsegula buku la Baburnama ndi ndakatulo za Alisher Navoi ndasokonezeka, chifukwa ndimafika pa mneni n'kuganiza kuti chiganizo chatha, koma kenaka pamabwera kamawu koti kim ndipo nkhaniyo imapitirira mizere itatu kapena inayi. Kodi lamulo lija linali lisanakhazikike nthawi imeneyo, kapena chimenechi ndi chiyankhulo china?"

Lamulo limene aphunzitsi anu anakuuzani ndi loona, ndiponso ndi lakale kwambiri kuposa mabuku amene mukuwerengawo, pakuti limaoneka kale pa miyala ya ku chigwa cha Orkhon ku Mongolia imene inalembedwa cha m'ma 730. Chimene chakusokonezani n'chakuti olemba a m'nthawi ya mlakatuli Navoi ndi Babur, mfumu imene inalemba mbiri ya moyo wake m'buku la Baburnama, ankamanga ziganizo zawo ndi njira ziwiri nthawi imodzi, ina yobadwa nayo ya ziyankhulo za Chituruki ndipo ina yobwereka ku Chiperisiya, ndipo njira ziwirizi zimayang'ana mbali zosiyana. Ndikati Chituruki pano sindikunena chiyankhulo cha dziko la Turkey chokha, koma banja lonse la ziyankhulo limene muli Chiuzbeki, Chiuyiguri, Chikazaki ndi zina. Chiyankhulo cha mabukuwo eni ake ankangochitcha Turki. Akatswiri a ku Ulaya amachitcha Chagatai, potengera dzina la mwana wachiwiri wa Genghis Khan, pomwe ku Uzbekistan chimatchedwa "eski o'zbek tili", kutanthauza Chiuzbeki chakale. Anthu a mtundu wa Auyiguri nawonso amachiwerengera ngati cholowa chawo, ndipo sakulakwa. Katswiri wina dzina lake János Eckmann, m'buku lake la malamulo a chiyankhulochi la mu 1966, anagawa mbiri yake m'zigawo zitatu: isanafike 1465, kuyambira 1465 mpaka 1600, ndi kuyambira 1600 mpaka 1921. Mabuku amene muli nawowo ndi a m'chigawo chapakaticho.

Tiyambe ndi mafupa a chiganizo, amene ndi a Chituruki. Koyambirira kwa Baburnama kuli mawu odziwika akuti "Farg'ona viloyatida o'n ikki yoshta podshoh bo'ldum", ndipo ndawalemba m'zilembo zimene Auzbeki akugwiritsa ntchito lero. M'Chichewa tingati "ndinakhala mfumu m'chigawo cha Fergana ndili ndi zaka 12", ndipo zimenezi zinachitika mu 1494. Taonani dongosolo lake: malo ayamba, msinkhu watsatira, udindo wabwera kachitatu, ndipo mneni "bo'ldum", kutanthauza "ndinakhala", watseka. Mwininkhani sanatchulidwe padera chifukwa -m wa kumapeto kwa mneniyo ndiye "ine". Palibenso mperekezi aliyense woima patsogolo pa dzina monga amachitira "ku", "pa" ndi "mu" athu. Ntchito imeneyo ikugwiridwa ndi aphatikiri a kumapeto kwa mawu, monga -da kapena -ta wosonyeza malo ndi nthawi, -ga kapena -qa wosonyeza kolowera, -din wosonyeza kochokera, -ni wosonyeza pamtherankhani wodziwika, ndi -ning wosonyeza umwini. Ngakhale mawu onga "bila", "uchun" ndi "sari", amene tingawamasulire kuti "ndi", "chifukwa cha" ndi "cha ku", amabwera dzina litatchulidwa kale. Mfundo yolamulira zonsezi ndi imodzi: chofotokoza chimatsogola, chofotokozedwa chimatsatira. Chichewa chimachita mosemphana, pakuti ife timati "nyumba yaikulu" ndi "mwana wa mfumu", kuyamba ndi mutu wa nkhani kenaka n'kumaufotokoza.

Mfundo yomweyi ndiyo imapanga ziganizo zazitali za Babur pamene akusimba za maulendo ndi nkhondo. Wolemba wa Chituruki safuna mlumikizi kuti alunzanitse zochitika zotsatizana. Amaika mphatikiri -ib kapena -p pa tsinde la mneni aliyense, n'kusunga nthawi ndi mwininkhani kuti adzazionetse pa mneni womaliza yekha. Nachi chitsanzo chimene ndapanga ndekha potsata kalembedwe ka nthawi imeneyo: "Otlanib, daryodin o'tub, kentga kelib tushtuk." Aneni atatu oyambawo, okwera kavalo, owoloka mtsinje ndi ofika m'mudzi, sakunena kuti wachita ndani kapena liti, ndipo wowerenga amadikira mpaka pa "tushtuk" kuti amve kuti ndi "ife" ndiponso kuti ndi kale. Mchewa sayenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa nafenso timati "tinakwera akavalo, n'kuwoloka mtsinje, n'kufika m'mudzi, n'kutsika", kusiyana kwake n'kwakuti ife timaika nthawi ndi mwininkhani pa mneni woyamba, pomwe iwo amaziika pa womaliza. Alipo aphatikiri ena a mtundu womwewu amene ali ndi matanthauzo akeake: -gach amati "atangochita", -guncha amati "mpaka atachita", -gali amati "kuti achite", -may amati "osachita". Mudzaonanso kuti Babur amakonda kubisa "ine" ndi "ife" pogwiritsa ntchito mneni wochitidwa, moti m'malo monena kuti "tinatsika" amalemba "tushuldi", ngati kunena kuti "panatsikidwa". Chizolowezi chimenechi chimasokoneza ophunzira ambiri, amene amayamba kufunafuna munthu wina wotsikayo pomwe ndi wolemba yemweyo.

Nthambi yofotokoza dzina nayonso imatsogola. Kumene ife tinganene kuti "munthu amene anachokera ku Samarqand", njira ya Chituruki imati "Samarqanddin kelgan kishi", ndiye kuti ku Samarqand, wochokera, munthu. Palibe mawu ofanana ndi "amene". Mphatikiri -gan wasandutsa mneni kukhala mfotokozi, ndipo nthambi yonseyo, ngakhale italika bwanji, imaima dzina lisanafike. Chiganizo chomangidwa m'njira imeneyi yokha sichingapitirire mneni wamkulu atatchulidwa, chifukwa chilichonse chodalira mneniyo chimakhala chitalowa kale.

Tsopano tifike pa chimene chakuvutani. Alisher Navoi, amene anabadwa mu 1441 n'kumwalira mu 1501, anakhala moyo wake wambiri ku Herat, mzinda umene lero uli m'dziko la Afghanistan, ndipo anali nduna komanso mnzake wa Sultan Husayn Bayqara, mfumu ya ku Herat komweko. M'mizinda ya dera limenelo, monga Herat, Samarqand ndi Bukhara, chiyankhulo cha maofesi, cha ndakatulo zolemekezeka ndi cha anthu ambiri a m'misika chinali Chiperisiya, pomwe Chiarabu chinali cha chipembedzo ndi maphunziro apamwamba. Munthu wophunzira wolankhula Turki ankakula akuwerenga mabuku a Chiperisiya, ndipo Navoi mwiniyo ankalembanso ndakatulo m'Chiperisiya pogwiritsa ntchito dzina loti Foniy. M'buku lake la mu 1499 lotchedwa Muhokamat ul-lug'atayn, limene limayerekeza ziyankhulo ziwirizi, iye anaikira kumbuyo Turki ndipo anandandalika aneni 100 amene ankati Chiperisiya chilibe ofanana nawo. Chochititsa chidwi n'chakuti ziganizo zimene anatetezera nazo chiyankhulo chakecho n'zodzaza ndi kamangidwe ka Chiperisiya. Sindikuona ngati kumeneku n'kudzitsutsa. Munthu amene wakhala akuganiza m'ziyankhulo ziwiri kuyambira ali mwana samangobwereka mawu okha, amabwerekanso njira yolumikizira maganizo, kawirikawiri osazindikira n'komwe kuti wabwereka.

Chiperisiya nachonso chimaika mneni kumapeto kwa chiganizo chachifupi, koma nthambi zosaima pazokha chimaziika pambuyo pake, zitatsogozedwa ndi kamawu koti "ki". Olemba Turki anatenga kamawu kameneka momwe kalili, komanso anatenga mawu awoawo akuti "kim", amene poyamba ankatanthauza "ndani", n'kuwapatsa ntchito zonse za "ki". M'mabuku osindikizidwa masiku ano mudzawapeza ataphatikizidwa ku mawu a m'mbuyo mwake, monga "dedikim" kapena "kishikim". Ntchito yake yoyamba ndi ya "amene": chitsanzo chathu chija chikhoza kulembedwanso kuti "ul kishi kim Samarqanddin keldi", ndipo apa dongosolo lafanana ndendende ndi la Chichewa, munthu uja, amene, anachokera ku Samarqand. Ntchito yachiwiri ndi ya "kuti" pambuyo pa aneni onena, oona, odziwa ndi olamula, monga "ko'rdi kim" kutanthauza "anaona kuti", ndi "xabar keldi kim" kutanthauza "uthenga unabwera wakuti". Ntchito yachitatu ndi yosonyeza cholinga, chifukwa kapena zotsatira, makamaka pamene patsogola mawu onga "andoq", kutanthauza "motero", ndipo zonse pamodzi zimapereka "kwambiri moti". Ndiye mukafika pa mneni wokhala ndi nthawi ndi mwininkhani, n'kupeza "kim" pambuyo pake, dziwani kuti wolembayo wasiya njira ya makolo ake n'kulowa njira ya Chiperisiya, ndipo zimene zikubwerazo n'zodalira mawu amene mwangowadutsa. Vuto lenileni limabwera pamene nthambi ya "kim" yalowa pakati pa mwininkhani ndi mneni wake, chifukwa pamenepo mumakumana ndi mneni wa nthambiyo poyamba, n'kumuyesa mneni wamkulu, pomwe wamkuluyo akali kutsogolo.

Pa nkhani yogwira mawu a munthu wina pali chinthu chimene wolankhula Chichewa angachimvetse msanga kuposa Mngelezi kapena Mrasha. "Kuti" wathu amachokera ku mneni "-ti", wotanthauza kunena, ndipo n'chifukwa chake timati "anati" komanso "ananena kuti". Ziyankhulo za Chituruki zinachitanso chimodzimodzi ndi mneni wawo "de-", wotanthauza kunena, n'kupanga "deb". Kusiyana kwake ndi malo okha: "kuti" amatsegula mawu ogwidwawo, pomwe "deb" amawatseka. Motero "ananena kuti ndibwera" m'njira ya Chituruki ndi "kelurmen deb aytti", ndipo m'njira ya Chiperisiya ndi "aytti kim kelurmen". Monga momwe "kuti" wathu anakulira n'kuyamba kusonyeza cholinga ndi maganizo a mumtima, "deb" nayenso amatha kutanthauza "poganiza kuti" kapena "n'cholinga choti", ngakhale palibe amene watsegula pakamwa. Ndipo popeza olembawo anali ndi zida ziwiri m'manja, nthawi zina ankazigwiritsa ntchito zonse pa mawu amodzi, kutsegula ndi "kim" n'kudzatsekanso ndi "deb". Kubwereza kotereku kumaonekanso pa "ngati": mphatikiri -sa payekha ndi wokwanira, pakuti "kelsa" ndi "akabwera" kapena "ngati abwera", komabe olemba ankawonjezera "agar" wa Chiperisiya kumayambiriro, n'kukhala "agar kelsa". Kwa wowerenga zimenezi n'zothandiza, chifukwa "agar" amamuchenjeza msanga kuti adikire -sa kutsogoloko. Pafupifupi nthambi iliyonse inali ndi njira ziwiri chotere: "kelgach" ndi "chun keldi" onse amanena za nthawi imene munthu anafika, "kelgani uchun" ndi "chunki keldi" onse amapereka chifukwa, "kelsa ham" ndi "agarchi keldi" onse amati "ngakhale".

Chobwereka china chimene chimatembenuza dongosolo, koma mkati mwa kagulu ka mawu, ndi chimene Auzbeki amachitcha "izofa". Ndi kaliwu ka -i kamene kamalumikiza dzina ndi chofotokoza chake chobwera pambuyo, ndipo kamagwira ntchito yofanana kwambiri ndi "wa", "ya" ndi "cha" athu. Mukawerenga mafomu a ku Tashkent muyenera kuti munakumanapo ndi "tarjimai hol", kutanthauza mbiri ya moyo wa munthu, kapena munamvapo "nuqtai nazar", kutanthauza mbali imene munthu akuonera nkhani. Amenewa ndi otsalira a izofa m'Chiuzbeki cha lero. Msampha wake ndi uwu, ndipo ndikupemphani kuti muusamale: Chituruki chilinso ndi -i wakewake wosonyeza umwini, amene amalembedwa chimodzimodzi m'mabuku osindikizidwa. Mu "Farg'ona viloyati", -i akuloza m'mbuyo, ku Fergana, ndipo akuti "chigawo chake". Mu izofa, -i akuloza kutsogolo, ku mawu amene akubwera. Mukasokoneza awiriwa mudzadula kagulu ka mawu pamalo olakwika ndipo tanthauzo lonse lidzasochera. Amene amawerenga zolembedwa pamanja za m'zilembo za Chiarabu ali ndi vuto lina, loti izofa kawirikawiri salembedwa n'komwe pambuyo pa lemba lopanda liwu, moti munthu amangoyenera kudziwa kuti alipo.

Mzere umodzi wa Navoi, umene Auzbeki ambiri amaudziwa pamtima chifukwa umaimbidwa, ukuonetsa njira ziwirizi zitakhalira limodzi: "Kecha kelgumdur debon ul sarvi gulro' kelmadi." Mawu awiri oyambawo ndi lonjezo la wokondedwa, "usiku ndibwera ndithu". "Debon" ndi "deb" yemwe uja m'maonekedwe ake a m'ndakatulo, ndipo watseka lonjezolo m'njira ya Chituruki. Kenaka pabwera mwininkhani, "ul sarvi gulro'": "ul" ndi "uja", "sarv" ndi mtengo wautali wowongoka wofanana ndi mkungudza umene alakatuli ankayerekeza nawo msinkhu wa wokondedwa, ndipo "gulro'" ndi "wa nkhope ngati duwa". Mawu awiri omalizawa ndi a Chiperisiya, ndipo alumikizidwa ndi izofa, dzina patsogolo mfotokozi pambuyo. Chomaliza ndi mneni "kelmadi", "sanabwere". Mzere wonsewo ukuti wokondedwa uja, wowongoka ngati mkungudza, wa nkhope ngati duwa, analonjeza kuti abwera usiku koma sanabwere. Chimango chake ndi cha Chituruki kuchokera koyamba mpaka kumapeto, ndipo Chiperisiya changokhala m'kachipinda kamodzi ka mwininkhani. Si mizere yonse imene ili yoongoka chonchi. Ndakatulo zimenezi zinkalembedwa pa muyeso wotchedwa aruz, wowerengera maphatikizo aatali ndi aafupi, ndipo pofuna kukwaniritsa muyesowo ndi kamvekedwe ka kumapeto kwa mizere, mlakatuli ankatha kukankhira pamtherankhani kapena mwininkhani kuseri kwa mneni. Pamenepo chokupulumutsani ndi aphatikiri aja: mawu okhala ndi -ni ndi pamtherankhani ngakhale ataima pati, ndipo okhala ndi -din akusonyeza kochokera ngakhale atatsalira kumapeto.

Musaganize kuti olemba onse ankasakaniza pamlingo umodzi, pakuti mlingowo unkadalira mtundu wa cholembedwa ndi khalidwe la wolemba. Mawu otsegulira buku, otamanda Mulungu, Mtumiki Muhammad ndi mfumu, ndiwo amakhala olemera kwambiri ndi izofa zolumikizana zitatu kapena zinayi, mawu a Chiarabu, ndi nthambi zofanana kutalika zothera pa liwu limodzi, kalembedwe kotchedwa saj. Navoi anakagwiritsa ntchito kwambiri m'buku lake lomaliza la malangizo, Mahbub ul-qulub, la mu 1500. Ophunzira ambiri amagwa ulesi pa tsamba loyamba la mabuku otere, osadziwa kuti limenelo ndilo lovuta kuposa onse ndipo nkhani ikangoyamba njira imasalala. Babur, amene anabadwira ku Andijan mu 1483 n'kumwalira ku Agra, m'dziko la India, mu 1530, ndi wosiyana. Iye analemba kuti chiyankhulo cha anthu a ku Andijan chimagwirizana ndi cholembedwa, ndipo anaona kuti mabuku a Navoi ali m'chiyankhulo chomwecho ngakhale mwini wakeyo anakulira ku Herat. M'kalata imene analembera mwana wake Humayun mu 1528, anamudzudzula kuti makalata ake ndi ovuta kumva chifukwa chokometsera mawu mopitirira, ndipo anamulangiza kuti azilemba momveka ndi mawu osavuta, kuti ntchito ichepe kwa wolemba ndi kwa wowerenga yemwe. Komabe ngakhale Babur sakhala nthawi yaitali osalemba "kim"; chimene amapewa ndi kuunjika.

Amene anapita patali kwambiri pa kuphweketsa ndi Abulg'ozi Bahodirxon, mfumu ya ku Khiva ya m'zaka za m'ma 1600, amene m'buku lake la mibadwo ya mafumu lotchedwa Shajarai turk ananena kuti walemba m'njira yoti ngakhale mwana wa zaka zisanu amve, ndiponso kuti wapewa mawu a Chiperisiya, a Chiarabu ndi a Turki ya Chagatai. Apa tikuona kuti kwa iye dzina loti Chagatai linkatanthauza kalembedwe kolemera ka akatswiri. Ziganizo zake n'zazifupi, ndipo zambiri zimathera pa mneni monga momwe aphunzitsi anu anakuuzirani. Koma mbiri sinayende njira imodzi yolunjika ku kuphweka, chifukwa mumzinda wa Khiva womwewo, patapita zaka zoposa 100, olemba mbiri a kunyumba ya mfumu, Munis ndi Ogahiy, mwana wa m'bale wake, analemba ziganizo zolemera ndi Chiperisiya kuposa zambiri za m'nthawi ya Babur. M'maganizo anga, wophunzira amene akufuna kuzolowera chiyankhulochi ayambe ndi Abulg'ozi, apite kwa Babur, ndipo Navoi amusungire pambuyo, ngakhale masukulu amakonda kuyambira pa Navoi chifukwa cha ulemu wake.

Palinso chinthu china chimene chimachititsa kuti malire a chiganizo asaoneke, ndipo si cha malamulo a chiyankhulo ayi. Mabuku amenewa analembedwa pamanja m'zilembo za Chiarabu, zimene zilibe malembo aakulu, ndipo alembi sankaika mpumiro kapena mpatuliro monga timachitira lero. Kawirikawiri ankangolemba mitu ndi inki yofiira. Zizindikiro zonse zimene mukuziona m'buku lanulo anaika ndi akonzi a m'zaka za m'ma 1900, ndipo akonzi awiri akhoza kudula ndime imodzi m'malo osiyana. Wowerenga wakale ankadziwa kuti ganizo latha pomva mawu otsekera: mneni wa nthawi yakale wothera ndi -di, kapena -dur amene ndi "ndi" wathu wa mu "uyu ndi mlimi", kapena "edi" ndi "erdi" otanthauza "anali", kapena "bor" ndi "yo'q" otanthauza "alipo" ndi "palibe". Palinso "emish" kapena "ermish", amene amasonyeza kuti wolembayo sanaone yekha koma anangomva kapena wangozindikira, monga momwe ife timaponyera "akuti" kapena "ati" m'nkhani. Mlumikizi "va", wochokera ku Chiarabu kudzera m'Chiperisiya, nthawi zambiri amangogwira ntchito ya mpumiro, kuyambitsa ganizo latsopano, choncho musamamuwerenge ngati umboni wakuti chiganizo chikupitirira.

Chiuzbeki chimene mukuphunzira m'kalasi chinakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, pamene olemba onga Abdurauf Fitrat, Cho'lpon ndi Abdulla Qodiriy, pamodzi ndi manyuzipepala ndi masukulu a boma la Soviet, anayandikizitsa cholembedwa ku cholankhulidwa. Zilembo zinasintha kuchoka ku za Chiarabu kupita ku za Chilatini kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, kenaka ku za Chirasha mu 1940, ndipo lamulo la mu 1993 linabwezeretsa za Chilatini. Pa kapangidwe ka chiganizo, njira ya Chituruki ndiyo inapambana m'malo ambiri: "kim" wotanthauza "amene" anasowa m'zolemba za tsiku ndi tsiku ndipo -gan anatenga malo onse, izofa anatsalira m'mawu owerengeka okhazikika, ndipo -din anasanduka -dan, ngakhale Chiuyiguri chikadali naye -din mpaka pano. Koma si zonse zimene zinachoka. Mukamva mnzanu akuti "aytdiki" kapena "shunday qiziqki", ameneyo ndi "ki" yemwe uja, akugwirabe ntchito yake yotsegula nthambi mneni kapena mfotokozi atadutsa, ndipo "agar", "chunki", "lekin", "ammo" ndi "va" mumawagwiritsa ntchito tsiku lililonse osadziwa kuti ndi alendo.

Mukakhala pansi ndi tsamba la Baburnama, tengani pensulo n'kuyamba mwalemba mzere kunsi kwa mneni aliyense amene ali ndi nthawi ndi mwininkhani, kusiya onse othera ndi -ib, -gach ndi -gan, pakuti amenewo ndi odalira ena. Kenaka zungulizani "kim", "ki" ndi "deb" aliyense. Pa "deb", bwererani m'mbuyo mpaka mutapeza pamene mawu ogwidwawo ayambira. Pa "kim", yang'anani mawu amene mwangowadutsa: akakhala dzina, muwerengeni ngati "amene", ndipo mneni woyamba amene mukumane naye ndi wa nthambiyo, pomwe mneni wa dzinalo akubwera pambuyo pake, akakhala mneni wonena, woona kapena wolamula, muwerengeni ngati "kuti", ndipo akakhala kuti waima payekha m'funso, ndiye kuti ndi "kim" wakale uja wotanthauza "ndani". Pa -i aliyense wa kumapeto kwa dzina, dzifunseni ngati mawu a mbali zonse ziwiri ndi a Chiperisiya kapena Chiarabu, chifukwa izofa kawirikawiri amalumikiza mawu obwereka okhaokha, pomwe dzina la Chituruki likakhala ndi -i nthawi zambiri limakhala likuloza mwini wake amene watchulidwa kale m'mbuyomo.